Kodi kalata ingaimitse tsiku lolembedwa pa tikiti ya liwiro?

"Zikomo akuluakulu. Ndimakhala ku Mabvuku mumzinda wa Harare ndipo ndimayenda pa kagalimoto kanga popita kuntchito m'tauni. Lachisanu lapitali apolisi apamsewu anandiimitsa pa Mutare Road n'kundiuza kuti makina awo andipeza ndikuthamanga makilomita 81 pa ola pamalo oyenera 60. Ine sindikuvomereza, chifukwa nthawi imeneyo kombi (minibasi) ina inali itangondipitirira, ndipo ndikukhulupirira kuti makinawo anayeza kombiyo. Ndinakana kulipira pomwepo, ndiye anandilembera tikiti yokhala ndi tsiku. Mlamu wanga wa ku Johannesburg akuti ndingolemba kalata yodandaula, ndili ndi masiku 32, ndipo kukhoti ndisapiteko mpaka atandiyankha. Kodi n'zoona? Kalatayo ndilembere ndani, ndipo ndilembemo chiyani? Kunena zoona khoti ndimaliopa. Sindinapondeko chibadwire, komanso chitupa changa n'chakale chija cholembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo."

Bambo, mtima ukhale m'malo. Mlandu wa liwiro ndi umodzi mwa milandu yaing'ono kwambiri imene makhoti a majisitireti amamva, ndipo chinthu chofunika koposa munachichita kale pamsewu pomwe paja: simunasaine pepala lovomera kulakwa. Chifukwa cha zimenezo njira zonse zikadali zotsegula kwa inu. Chimene ndikukupemphani n'chakuti malangizo a alamu anu muwasiye kaye pambali, chifukwa mukawatsatira mutha kumangidwa pa nkhani imene ikanatha mosavuta.

Alamu anuwo sakunama ayi. Ku Johannesburg ndi ku Tshwane kuli dongosolo lotchedwa AARTO, ndipo munthu akalandira chidziwitso cha mlandu wapamsewu amakhala ndi masiku 32 oti alipire kapena alembe madandaulo ake ku ofesi yoona nkhanizi. Limenelo ndi lamulo la ku South Africa. Kuno ku Zimbabwe kuthamangitsa galimoto mopyola muyezo ndi mlandu wa pansi pa ndime 50 ya Road Traffic Act, Chapter 13:11, ndipo umayenda m'njira ya milandu ina yonse, kuchokera kupolisi kupita kwa woimira boma pa milandu mpaka kwa majisitireti. Kalata mutha kulemba, ndipo ndikulimbikitsani kuti mulembe, koma kalatayo siimitsa tsiku lolembedwa pa tikiti yanu. Kaya mwayankhidwa kaya simunayankhidwe, tsikulo likafika muyenera kukaonekera. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu pa milandu yotereyi, ambiri amene ndawaona akuvutika sanagwe chifukwa cha liwirolo. Anagwa chifukwa anakhala pakhomo akudikira yankho la kalata pamene dzina lawo linali kuitanidwa m'khoti.

Tiyambe ndi mapepala, poti ambiri amawasokoneza. Pali pepala lovomera kulakwa, lomwe apolisi amalitchula kuti Z69J. Limeneli limachokera pa ndime 356 ya Criminal Procedure and Evidence Act, Chapter 9:07, imene imalola munthu wopalamula mlandu waung'ono kusaina kuti wavomera, n'kupereka ndalama m'malo mokaima pamaso pa khoti. Anthu amaliona ngati lisiti chabe, koma si lisiti wamba. Pepalalo limatumizidwa kwa majisitireti, ndipo iye akakhutira nalo amalemba kuti mwapezeka olakwa potengera kuvomera kwanu. Ndiye munthu sangasaine Z69J Lachisanu n'kulemba kalata yokana mlandu Lolemba. Pepala lachiwiri ndi tikiti yeniyeni, yodziwika kuti Form 265, imene imakupatsani nthawi yoti mukalipire kupolisi, apo ayi mukaonekere kukhoti pa tsiku lolembedwapo. Malinga ndi mmene mwafotokozera, lanu ndi lachiwirili. Komabe litulutseni muliwerengenso bwino, mutsimikize kuti pamene munasaina panali pongosonyeza kuti mwalandira tikiti.

Musadzimve ngati munachita mwano pokana kulipira pamsewu. Mu 2012 Khoti Lalikulu ku Bulawayo, pa mlandu wa Babbage, linanena kuti wapolisi sangaumirize woyendetsa galimoto kulipira chindapusa pomwepo, ndipo mu 2015 Justice Francis Bere, potsegulira ntchito za Khoti Lalikulu ku Masvingo, ananena poyera kuti palibe lamulo lokakamiza munthu kutero. Kulipira pomwepo ndi mwayi umene munthu amasankha yekha akaona kuti walakwadi ndipo sakufuna kutaya nthawi.

Tsopano za masiku. Masiku anu si 32, komanso si amene mnzanu wa pa renki angakuuzeni. Ndi amene alembedwa pa tikiti yanuyo. Kawirikawiri nthawi yolipirira imakhala yaifupi, ngati masiku 7, ndipo tsiku la khoti ndi dzina la khotilo zimalembedwa pomwepo. Popeza munagwidwa Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu zadya kale mbali ya nthawi imeneyo. Lero lomwe chitani fotokope tikitiyo, ijambuleninso pa foni, chifukwa inki ya pa mapepala amenewa imafufutika msanga akakhala m'thumba kapena padzuwa m'galimoto. Ngati dzanja la wapolisi silikuwerengeka, kapena tsiku la khoti silinalembedwe, musaganizire nokha. Pitani ku siteshoni imene yalembedwa pa tikiti mukafunse ku ofesi ya zapamsewu kuti akuuzeni tsiku ndi khoti, ndipo akulembereni pa pepala. Mu Harare muno milandu yambiri imapita ku khoti la majisitireti la pa Rotten Row, ina ku Mbare, ina ku Chitungwiza, kutengera kumene nkhani inachitikira. Munthu wokaima pa khoti lolakwika amawerengedwa kuti sanabwere.

Nanga kalatayo ntchito yake n'chiyani ngati siimitsa tsiku? Ntchito ilipo, ndipo ndi yaikulu. Choyamba, imaika mbali yanu m'faelo ya mlandu nkhani ikadali yatsopano, moti pambuyo pake palibe anganene kuti za kombi mwangozipeka mutafika m'khoti. Chachiwiri, imakupatsani mpata wopempha umboni umene boma likudalira. Chachitatu, nthawi zina imachititsa kuti mlandu usapitirire, ngati woimira boma waona kuti umboni ndi wofooka. Apa dziwani kusiyana kwa mphamvu. Nkhani ikadali kupolisi, kalata ipite kwa mkulu woyang'anira zapamsewu pa siteshoni yolembedwa pa tikiti, amene amatchedwa Officer in Charge Traffic. Koma mphamvu yoimba mlandu kapena kuusiya ili m'manja mwa National Prosecuting Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi ndime 258 ya malamulo aakulu a dziko a mu 2013. Choncho kope ina ipite kwa woimira boma wamkulu pa khoti limene mwaitanidwako.

Ilembeni m'Chingerezi, poti zolemba za khoti zimasungidwa m'chinenero chimenecho, ndipo isapitirire tsamba limodzi. Pamwamba ikani dzina lanu lonse monga lilili pa laisensi, adiresi ndi nambala ya foni. Kenako nambala ya tikiti, nambala ya galimoto, tsiku, nthawi ndi malo enieni amene munaimitsidwa, dzina kapena nambala ya wapolisi ngati zikuoneka. Mukatero nenani m'mawu ochepa kuti mlanduwu mukuukana, kuti pa nthawi yoyezayo kombi inali kukupitirirani mu mzere wa pambali panu, ndipo mukukhulupirira kuti liwiro limene linaoneka pa makina silinali la galimoto yanu. Pemphani kuti akuuzeni mtundu ndi nambala ya makina amene anagwiritsidwa ntchito, akuonetseni chikalata chosonyeza tsiku limene makinawo anayesedwa komaliza kuti akuyeza molondola, umboni woti wapolisiyo anaphunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito, ndiponso chithunzi kapena pepala lililonse limene makinawo anatulutsa. Malizani ndi kunena kuti mukupempha mlandu uchotsedwe, koma mudzapezeka kukhoti pa tsiku lolembedwa pokhapokha mutauzidwa mwa kalata kuti zasintha.

Pali mawu amene sindikufuna kuti alowe m'kalatamo. Ife tinaleredwa kuti tikamalankhula ndi akuluakulu tiyambe ndi kupepesa, ndiye dzanja limathamangira kulemba kuti "pepani, mwina ndinapitirira pang'ono, ndinali kuthamangira kuntchito." Ulemu umenewo ndi wabwino pakhomo, koma pa pepala la mlandu ndi kuvomera. Lamulo silisiyanitsa 65 ndi 81 pa funso loti munapyola 60 kapena ayi. Kusiyanako kumangothandiza pa kukula kwa chilango. Musalembemonso zonyoza apolisi kapena kuwanamizira kuti amafuna chiphuphu ngati mulibe umboni. Ngati zinachitikadi, limenelo ndi dandaulo lapadera ndipo lili ndi njira yake.

Kalatayo kaperekeni pamanja, musaitumize pa WhatsApp kwa wapolisi amene anakupatsani nambala yake. Tengani makope atatu. Wolandirayo adinde chidindo cha tsiku pa kope yanu ndi kusaina. Kope yodindidwayo ndiyo umboni wanu woti munalemba, ndipo pa tsiku la khoti ikhale m'manja mwanu pamodzi ndi tikiti.

Ndikuuzeni moona za mfundo yanu ya kombi, chifukwa sindikufuna mupite kukhoti ndi chiyembekezo choposa mlingo. Mfundoyo ndi yomveka. Makina a m'manja oyezera liwiro amadalira kumene wapolisi waloza, ndipo ena, makamaka a radar, amatha kutenga galimoto yaikulu kapena yothamanga kwambiri pakati pa magalimoto oyenda moyandikana. Pa msewu wodzaza ngati Mutare Road m'mawa, funso loti makina analoza galimoto iti ndi funso lenileni. Komanso si udindo wanu kutsimikizira khoti kuti ndinu osalakwa. Ndime 70 ya malamulo aakulu imati woimbidwa mlandu amatengedwa kukhala wosalakwa mpaka boma litatsimikiza, ndipo liyenera kutsimikiza mosasiya chikayiko chomveka. Koma wapolisi akabwera n'kulumbira kuti analoza galimoto yanu, kuti anakuonetsani nambala pa makina, ndipo chikalata cha makinawo chili bwino, majisitireti ambiri amamukhulupirira ngati inu mulibe chilichonse kupatula mawu anu. Ndiye funani chokuthandizani. Kodi munali ndi munthu m'galimoto amene anaiona kombiyo? Akhale wokonzeka kudzachitira umboni. Kodi galimotoyo ili ndi kamera yakutsogolo kapena tracker imene imasunga liwiro? Tulutsani zolembedwa za ola limenelo zisanafufutike. Bwereraninso pamalopo mukajambule zikwangwani za liwiro, kuyambira kumbuyo komwe munachokera. M'tauni muyezo wodziwika ndi 60, koma misewu ikuluikulu ina ili ndi zigawo zimene chikwangwani chimalola liwiro lokwererapo, ndipo ndi bwino kudziwa chimene chinali chomaliza musanafike pamene anakuimitsani. Madzulo ano lembani zonse zimene mukukumbukira: mzere umene munali, mtundu wa kombi, pamene wapolisi anaima, ngati anakuonetsani makinawo kapena anangokuuzani pakamwa.

Tsiku la khoti likafika, lawirirani, mukhale mutafika nthawi ya 8 koloko isanakwane. Valani mwaulemu, tengani tikiti, laisensi, chitupa ndi kope ya kalata. Funsani ofesi ya oimira boma, muonetse tikiti kuti akuuzeni chipinda. Nthawi zina mumapeza kuti mapepala a mlandu wanu sanafike kuchokera kupolisi ndipo dzina lanu palibe pa mndandanda wa tsikulo. Zikatero musangotembenuka n'kubwerera ku Mabvuku mukusangalala. Pemphani woimira boma kapena kalaliki wa khoti alembe ndi kudinda kuseri kwa tikiti kuti munabwera. Dzina likaitanidwa, adzakuwerengerani mlandu n'kukufunsani ngati mukuvomera. Mukakana, kawirikawiri mlandu suzengedwa tsiku lomwelo. Amakupatsani tsiku lina, ndipo muli ndi ufulu wopempha pepala la mlandu ndi chidule cha zimene boma likunena kuti mukonzekere. Pa tsiku lozenga, wapolisi amapereka umboni ndipo inu mumapatsidwa mpata womufunsa mafunso. Funsani mofatsa, funso limodzi pa nthawi: munaima pati, panali magalimoto angati, kombi munaiona, makina anayesedwa liti.

Pali chinthu chimene anthu athu ambiri a ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Mbare sachidziwa, ndipo chimandipweteka ndikawaona akuvutika ndi Chingerezi pamaso pa majisitireti. Ndime 6 ya malamulo aakulu a mu 2013 imatchula zinenero 16 zovomerezeka m'dziko lino, ndipo Chichewa chili m'gulu limenelo. Ndime 70 ija imapatsanso woimbidwa mlandu ufulu woti zonse zochitika m'khoti zimasuliridwe m'chinenero chimene amamva. Ngati mumamasuka m'Chichewa kapena m'Chishona, nenani pa tsiku loyamba lomwe kuti akonze womasulira. Womasulira Chichewa sapezeka nthawi zonse pa tsiku lomwelo, n'chifukwa chake ndi bwino kutchuliratu ngakhale m'kalata yanu ija.

Za chitupa cholembedwa alien, chisakulepheretseni kupita. Khoti lakuitanani pa nkhani ya liwiro, ndipo ufulu wa woimbidwa mlandu ndi wa munthu aliyense, kaya ndi nzika kaya ayi. Kuwonjezera apo, ndime 43 ya malamulo omwewo imati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, kholo lake limodzi kapena onse ali nzika za dziko la mu SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Ngati zimenezi zikukukhudzani, nkhani ya tikitiyi ikatha pitani ku ofesi ya kalembera mukasinthe chitupacho.

Tsopano za kuopsa kwake, poti kukana mlandu kuli ndi mtengo. Zindapusa m'dziko lino zimayenda m'magawo kuyambira level 1 mpaka level 14, ndipo ndalama za gawo lililonse boma limazisintha nthawi ndi nthawi. Apolisi amangololedwa kulandira za m'magawo apansi. Majisitireti alibe malire omwewo, ndiye mukapezeka olakwa kukhoti mutha kulipira zoposa zimene zinalembedwa pa tikiti. Onjezanipo masiku ojomba kuntchito, chifukwa mlandu utha kuimitsidwa kangapo ngati mboni sinabwere. Ine maganizo anga ndi awa. Ngati mumtima mwanu mukudziwa kuti phazi linalemera, kalipireni ku siteshoni nthawi isanathe, mulandire lisiti ya boma yokhala ndi dzina lanu ndi ndalama yeniyeni imene mwapereka, muisunge. Koma ngati mukutsimikiza kuti sanayeze inu, ndipo kalata yanu ikumveka ngati ya munthu wotsimikiza, musavomere mlandu umene simunapalamule chifukwa chongoopa nyumba ya khoti. Chimene ndikukuletsani kotheratu ndi munthu wokupezani pakhonde n'kunena kuti mumupatse kangachepe akafafanize tikiti. Kupereka chiphuphu ndi mlandu waukulu kuposa wa liwiro, ndipo kawirikawiri tikitiyo imakhala ikadali m'buku.

Mukalephera kulipira n'kulepheranso kupita kukhoti, majisitireti amatulutsa chikalata choti mumangidwe. Akuluakulu anati mlandu suola. Chikalata chimenecho chitha kukhala miyezi osamva kanthu, kenako n'kukupezani pa rodibuloko muli ndi ana m'galimoto. Ngati mwadwala kapena kwagwa maliro pa tsikulo, tumani wachibale kukhoti m'mawa womwewo ndi kalata ya kuchipatala kapena umboni wina, ndipo inuyo mukangopeza mpata pitani nokha mukafotokoze. Munthu wodzipereka yekha ndi chifukwa chomveka amamvedwa mosiyana kwambiri ndi wobwera ali m'maunyolo.

Kwa ena amene akuwerenga atasaina kale Z69J ndipo akuti anaumirizidwa, njira ilipo koma ndi yovuta. Pamafunika kupempha Khoti Lalikulu kuti liunikenso nkhaniyo, ndipo malamulo a khotilo amapereka masabata 8 a pempho lotere. Pamafunika loya ndi umboni weniweni wa kuumirizidwako, ndipo ndalama zake zimaposa chindapusa chija kutalitali. Chimodzimodzi apilo mukagonja kwa majisitireti: masiku ake ndi owerengeka, choncho funsani kalaliki wa khoti tsiku lomwelo la chigamulo musanatuluke pachipata.

Pa mlandu wa liwiro lokha, munthu wokonzeka bwino atha kudziimira yekha. Koma funani loya msanga ngati pa pepala la mlandu mwaona kuti asintha kapena awonjezera ndime 51, 52 kapena 53, zimene zimanena za kuyendetsa mosasamala, monyalanyaza kapena moika dala miyoyo pachiswe. Milandu imeneyo itha kufika poletsedwa kuyendetsa galimoto, ndipo kwa oyendetsa makombi ndi malole akuluakulu lamulo ndi lokhwima kwambiri. Funaninso loya ngati panachitika ngozi, ngati galimoto kapena laisensi yanu yasungidwa kupolisi, ngati ntchito yanu imadalira laisensi yopanda banga, kapena ngati mwamva kuti chikalata chokumangani chatuluka kale. Ngati thumba silikulola, Legal Aid Directorate ya pansi pa unduna wa zachilungamo ndi Legal Resources Foundation ali ndi maofesi mu Harare muno ndipo amathandiza anthu osowa ndalama za loya. Ngati mukufuna kulemba loya wanu, Law Society of Zimbabwe itha kukutsimikizirani kuti munthuyo ndi loya wovomerezeka.

Kwa inu bambo, sabata ino ndi yokwanira. Mawa m'mawa kajambuleni zikwangwani pa Mutare Road, masana lembani kalata, mkuja mukaipereke ku siteshoni ndi ku ofesi ya woimira boma kuti idindidwe. Uzanitu abwana anu kuntchito kuti pa tsiku lolembedwa pa tikiti mudzakhala kukhoti, ndipo mboni yanu, ngati muli nayo, idziwiretu tsikulo.